Tenshona ya tcheni pa Argo 8x8 yauma, ndigule ina kapena ikonzeka?

Wa8x8:
Moni akuluakulu. Ndili ndi Argo ya matayala 8 ija yoyenda pamtunda ndi pamadzi pomwe, ndinagula yogwirapo kale ntchito. Masiku ano ndikamakhota, makamaka chakumanzere, pansi pakumveka kho kho kho ngati wina akumenya ndi hamala. Dzulo ndinachotsa popondera paja ndapeza tcheni chapakati chakhwefuka mpaka chikukhula fulemu, kapulasitiki kamene tcheni chimatsetserekapo kakumbika mizere yakuya, tenshona yakenso (kachipangizo kothinitsa tcheni) sikusuntha olo ndiikankhe ndi sikuludiraiva, matope okhaokha ouma gwa. Ndigule yonse yatsopano kapena? Ndikuopa tcheni chingandidukire ndili kutali.

Makaniko_wakale:
Achimwene musathamangire kugula. Tenshona imeneyo ndi chinthu chosavuta, pali kachitsulo kamano kamene kamakwera pang'onopang'ono, sipuling'i yokakankha, ndiye kapulasitiki pamwamba pake. Tcheni chikakhwefuka sipuling'i imakweza kachitsuloko kukagwira dzino lotsatira ndipo sikabwereranso pansi. Nde galimoto yolowa m'madzi ndi m'matope ngati imeneyi dzimbiri silichedwa, kachitsuloko kamangouma pamalo amodzi basi. Ikwezeni pa jeke matayala onse alendewere, masulani tcheni pa joini, tulutsani tenshonayo muitsuke bwinobwino ndi bulashi ya waya muone ngati mano ake sanathe komanso sipuling'i sinaduke. Kapulasitiko kokha sinthani, mzere ukafika cha m'ma 6 mm katha ntchito kameneko.

Koma chimene ndikufuna mumvetse ndi ichi, tenshona yatsopano sichiritsa tcheni chakutha. Ndaonapo anthu akusintha tenshona kawiri phokoso osatha, vuto lili pa tcheni. Sikuti chitsulo chimatanuka ngati labala ayi, ndi timapini tam'kati timene timadyeka nde tcheni chonse chimatalika. Chiyaleni pansi muchikoke chiwongoke muyeze. Ngati ndi cha nambala 50, kuchoka pa pini kufika pa pini inzake ndi 15.875 mm, nde mipata 16 ikhale 254 mm. Mukapeza 262 chatalika kupitirira 3 pelesenti, tayani. Cha nambala 60 mipata 12 ndi 228.6 mm chikadali chatsopano, chikafika 235 nachonso chatha. Muonenso mano a sipuloketi (gudumu la mano limene tcheni chimakolapo), akasongoka n'kupindikira mbali imodzi adzakudyerani tcheni chatsopanocho msangamsanga.

Mayi_wamadambo:
Zoona zimene anena madalawa. Ine ndiwonjezere za matayala poti zinandivuta chaka chathunthu. Matayala onse a mbali imodzi amalumikizidwa ndi matcheni, palibe lozungulira palokha, nde limodzi likakula kuposa anzake chifukwa cha mpweya matcheni amakokana, china chimathina kwambiri china n'kukhwefuka. Pamatope sizimveka poti tayala limaterereka koma pouma ndi pamene mumamva kho kho uja. Tengani tepi muyeze kuzungulira tayala lililonse, osangodalira geji, yanga inkaonetsa mpweya wofanana koma tayala limodzi linali lalikulu ndithu.

Wa8x8:
Zikomo kwambiri nonse. Ndatsuka tenshona ija ikuyenda bwinobwino tsopano, sipuling'i ilibe vuto. Koma tcheni ndayeza mipata 16 chakwana 263 mm, mutu waima. Bwanji nditangochotsa linki imodzi chifupike ndiyambe ndayendera?

Makaniko_wakale:
Ayi achimwene musatero chonde. Chifupika inde koma mipata yake ikhalabe yotalika, sichikhala bwino m'mano a sipuloketi, chizikwera pamwamba n'kumalumpha, mapeto ake muononga ndi sipuloketi yomwe. Ikani chatsopano. Pomanga tsitsani tenshona pa dzino lapansi penipeni kaye, ndipo musaikweze ndi dzanja kuti tcheni chithine ngati chingwe cha gitala, chikathina chimapha mabering'i a ekiselo, nde bering'i ikayamba kugwedera silu (kalabala kotchinga madzi) imalowetsa madzi m'kati. Kakilipu ka pa joini mbali yotseka iyang'ane kumene tcheni chimapita galimoto ikamayenda chakutsogolo. Poti matayala ali kale m'mwamba gwedezani lililonse ndi manja mumve ngati bering'i ili bwino. Ndipo mukachoka m'madzi muzitsegula mapulagi akumbuyo aja madzi atuluke, kenako oyilo pa matcheni onse, osadikira mawa.