Galimoto ya bambo yapezeka

Achimwene aakulu: Mwaswera bwanji nonse. Corolla ya bambo yapezeka, ili kupolisi ku Limbe. Akuba anathyola polowetsa kiyi, pulasitiki ya pansi pa chiwongolero anaiswa, mawaya ali lendelende. Tikaitenge mawa m'mawa. Achemwali, musaiwale blue book, chiphaso cha bambo ndi lipoti la kupolisi lija.

Achemwali: Zonse zili m'chikwama kale. A inshuwalansi akuti tijambule zithunzi tisanakhudze chilichonse.

Malume: Ambuye alemekezeke. Koma pasapezeke woyesa kuiliza pomwepo. Mutenge sipanala ya 10, mumasule waya wa negative pa batire. Mawaya osendeka akagundana amapsereza mafyuzi, pena kompyuta ya injini imene. Mukatero muone ngati nambala ya chassis ikufanana ndi ya mu blue book.

Mzime: Malume, bwanji tingoikoka ndi chingwe mpaka ku Ndirande? Si patali.

Malume: Ayi mphwanga. M'kati mwa loko ya polowetsa kiyi muli kachitsulo kotseka chiwongolero. Loko ikathyoka, kachitsuloko kangathe kutseka nthawi iliyonse, ngakhale muli pa raundabauti ya Chichiri. Komanso injini ikakhala yozima, ukaponda buleki kawiri katatu imauma gwa. Ndiye galimotoyi ndi ya automatic: kuikoka matayala akutsogolo ali pansi kumaononga giyabokosi. Tipeze breakdown yonyamula galimoto yonse pamsana.

Alamu: Zoona malume. Ikafika kugaraja tichotsa loko yonse, osati kukonza yothyokayo. Mugule yathunthu, yokhala ndi switch yakumbuyo ndi makiyi ake. Chinanso, ngati kiyi wa bambo ndi wa chip, kachipangizo kamene kompyuta ya galimoto imazindikirira kiyi wake, pakamwa pa loko pamakhala kamphete kowerenga kiyiyo. Kakasweka, sitata imazungulira bwinobwino koma injini osalira, anthu n'kumanamizira pampu ya petulo. Kiyi watsopano afunika kumulowetsa mu kompyuta. Mawaya odulidwa tiwotcherera ndi solder, kachitsulo kosungunula kolumikizira mawaya, chifukwa ongopota n'kukulunga tepi amatentha. Tisanailize tiyamba taona oyilo, madzi ndi brake fluid, sitikudziwa mmene ankaiyendetsera.

Azakhali: Nanga maloko a zitseko?

Alamu: Kiyi watsopano satsegula zitseko, azakhali. Ngati sanaononge, bambo aziyenda ndi makiyi awiri. Ngati anaswa, tisinthiretu zonse pamodzi.

Achimwene aakulu: Chabwino. Alamu, mufunse mitengo lero mutiuze pano, tigawane. Zopereka zipite kwa achemwali pa Airtel Money kapena Mpamba. Malume, mutipezere breakdown. Tikumane pachipata cha polisi 8 koloko.