Za rauta ya VPN ija: zatheka

Zikomo nonse amene munandiyankha funso lija, loti ndigule rauta yotani ya VPN (njira yobisa zomwe ukuchita pa intaneti pozidutsitsa pa seva ya kwina) popanda kutaya ya 4G yomwe ndili nayo kale kunyumba. Ambiri munati yakaleyo ndiisiye momwe ilili, ndingowonjezera yachiwiri yokhala ndi WireGuard, pulogalamu yoyendetsera VPN. Ndinamvera. Ndinagula kakang'ono ka kampani ya GL.iNet, koyendera pulogalamu ya marauta ya OpenWrt, n'kulumikiza waya kuchokera pa LAN (potulukira intaneti) ya yakale kupita pa WAN (polowera intaneti) ya yatsopano.

Tsiku loyamba intaneti inakaniratu. Madzulo onse anathera kuzimitsa ndi kuyatsa, osadziwa kuti marauta awiriwa anali pa adiresi imodzi, 192.168.8.1. Nditasintha yatsopanoyo kukhala 192.168.9.1, zonse zinayenda. Ngati nanunso mukulumikiza marauta awiri, yambani mwaona zimenezi.

Amene munandichenjeza za OpenVPN, pulogalamu ina yoyendetsera VPN, munanena zoona. Ndinaiyesa, mavidiyo ankangodukaduka chifukwa purosesa ya karautaka ndi yochepa mphamvu. Pa WireGuard akuyenda bwinobwino.

Pano m'nyumba muli ma Wi-Fi awiri. TV ndi laputopu zili pa ya VPN, koma foni ndinaibwezera pa yakale, chifukwa apu ya banki inkakana kutseguka poyesa kuti ndili kunja kwa dziko.