MGB yanga ikatentha ikuzima, ndisinthe distributor?

Wofunsa: Akuluakulu ndithandizeni. Ndinagula galimoto yakale ya MGB kwa agogo ena kuno ku Coventry. Ikayenda mphindi 20 imayamba kutsokomola, kenako zii. Makaniko wina anandidyera £180, ntchito yake kungosintha mapulagi. Mayi akunyumba akuti galimotoyi ndi mkazi mnzawo, alamu anganso anabwereka jeke mwezi watha mpaka lero. Ndikufuna kuchotsa mapoints, tizitsulo todula moto mu distributor (chogawira moto ku mapulagi), ndiike za electronic. Ndigule za kampani ya Pertronix kapena za 123ignition? Loweruka ndinalonjeza kunyamula akwati.

Mkulu wa Sipanala: MUSAYEREKEZE! Mapoints akavuta panjira mumakonza ndi sikuludiraiva, gap 0.015 inchi, basi mwanyamuka. Electronic ikapsa muyitana ndani? Ana a lero ulesi.

Nachisale: Ndi ya chaka chanji achimwene? Zakale zija, mpaka 1967, zinali positive earth, kutanthauza kuti waya wa + wa batire ndi umene umapita ku bodi. Mukagula kit yolakwika ipsa musanatuluke pageti.

Dalaivala Wopuma: Kkkk Lucas, yemwe anapanga zamagetsi za magalimoto amenewa, amamutcha Prince of Darkness, mumayembekezera chiyani? Akwatiwo auzeni avale nsapato zoyendera.

Mkulu wa Sipanala: Lucas sanalakwe kanthu! Olakwa ndi makondensa otchipa a masiku ano. Distributor yanga ya Lucas 25D ili ndi zaka zoposa 50, sinandisiyepo panjira.

Bambo a Tadala: Ine Triumph Spitfire inandichititsa manyazi pamaliro a apongozi, anthu ovala masuti akukankha. Ndinasintha koyilo, pampu ya petulo, mawaya onse, ndalama phuu. Mapeto ake inali rotor ya mu distributor, yakuda ija ya rivet, ikatentha moto umathawira pansi. Ndinaika yofiira. Koma galimotoyo ndinagulitsabe, mtima unali utachoka.

Dalaivala Wopuma: A Sipanala, si inu munakokedwa pamsewu wa M6 chaka chatha?

Mkulu wa Sipanala: INALI PAMPU YA MADZI IMENE IJA! Musamanamize gulu.

Nachisale: Mukamaliza kukanganako. Gwedezani shaft ya distributor, ngati ikusewera ndiye kuti bush yatha, timing izingoyendayenda. Pamenepo gulani yathunthu. Muyezenso koyilo: za ma MGB a bampala yachitsulo nthawi zambiri ndi 3 ohms, za bampala yarabala zili ndi ballast, 1.5 ohms. Chaka chija mwatiuza?

Mayi Busa: Jekeyo kaitengeni mwamtendere, chibale n'chofunika kuposa chitsulo. Komanso amayiwo muziwamvera.

Wofunsa: Zikomo nonse. Ndi yofiira, ili ndi makabuleta awiri a SU. Alamu aja akuti jeke anabwereketsanso kwa mnzawo, taonani zimenezo.

Nachisale: Sitinafunse mtundu wa penti. Tsegulani kuseli kwa mipando muone waya wa batire wopita ku bodi, ndi + kapena -?

Mkulu wa Sipanala: Asiyeni agule 123 yawoyo, aziikonza ndi foni pa Bluetooth akwati akudikira kutchalitchi. Ine ndanena.

Wofunsa: Ndaitanitsa kale Pertronix usiku wathawu, ifika Lachinayi. Mabatire ndapezamo awiri. Ndiyang'ane iti?