Milu ya kompositi ikununkha ngati mazira owola komanso siikutentha, ndalakwitsa pati?

Wamanyowa22:
Moni akuluakulu. Ine ndimayang'anira malo opangira kompositi yogulitsa, timalandira zotsala za zakudya, ndowe ndi zitosi za nkhuku, ndiye timaunjika m'mizere italiitali n'kumatembenuza ndi loda, thirakitala ya chidebe kutsogolo ija. Vuto ndi loti mizere iwiri yomwe tinaunjika masabata atatu apitawa yangokakamira pa madigiri 40, pomwe inzake imafika 60 sabata isanathe. Fungo lake eeeh, mazira owola enieni, loda ikangopisa anyamata onse kubalalika atagwira mphuno, pansi pakutuluka timadzi takuda bii. Oyandikana nafe ayamba kale kudandaula. Ndithire laimu kuti fungoli lithe kapena pali mankhwala ena?

MkuluWaMilu:
Laimu ayi chonde achimwene, mungowonjezera mavuto, laimu amapangitsa naitirojeni kuthawa ngati amoniya, ndiye mukhala ndi mafungo awiri komanso manyowa opanda mphamvu. Fungo la mazira owolalo likukuwuzani kuti mulu wabanika. Mabakiteriya otenthetsa mulu amafuna okisijeni, akamusowa ntchito imatengedwa ndi ena aja okhala mopanda mpweya, amenewo satenthetsa kwenikweni koma kununkhitsa basi.

Mawa m'mawa chitani ichi, kumbani mpaka mkati, tapani dzanja limodzi mufinye zolimba. Zikakhala bwino zimagwirana ngati mpira, dzanja limanyowa, mwina kadontho kamodzi kapena tiwiri, chinyezi chake ndiye cha 50 mpaka 60 peresenti chija. Madzi akamachucha m'mipata ya zala ndiye mwapyola. Zotsala za zakudya zimabwera ndi madzi ambiri ndipo zikayamba kuwola zimaphwa n'kukhala ngati matope, mpweya ungadutse pati pamenepo? Musakanize tizidutswa ta mitengo, udzu wouma, masamba ouma. Utuchi umayamwa madzi inde koma wosalala uja umagwirana, ine ndimakonda tizidutswa tokulirapo chifukwa timasiya mipata ndipo posefa mumatibweza n'kutigwiritsanso ntchito.

Musaiwalenso masamu a kaboni ndi naitirojeni, poyambira pamafunika kaboni 25 mpaka 30 pa naitirojeni mmodzi. Zitosi za nkhuku zili ndi kaboni cha m'ma 10 pa naitirojeni mmodzi, utuchi uli m'mahandiredi, ndiye inu ndi zitosi zanuzo popanda zouma muli pansi kwambiri.

Nachinyezi:
Akulu anena zoona, koma ine funso langa, 40 ameneyo mukumuyeza bwanji? Themometa ikhale yaitali, ya mita imodzi, muzibaya malo angapo pa mzere uliwonse, mozama mosiyana, tsiku ndi tsiku n'kulemba m'buku. Osadalira mutu, mutu umanama. Lamulo la EPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe ku America, lomwe linalembedwera matope a suweji koma opanga kompositi ambiri amalitsata, limati mizere yotembenuza ikhale pa madigiri 55 kapena kuposa kwa masiku 15 ndipo itembenuzidwe kasanu mkati mwa masikuwo, pomwe milu yopopera mpweya ndi mapaipi masiku atatu akukwana. Kutembenuzako n'koti za kunja zozizira zija nazo zilowe pamoto. Mukalumpha zimenezi mugulitsira anthu njere za udzu ndi tizilombo ta matenda, ndipo kasitomala udzu ukamera m'munda mwake sabweranso.

Wamanyowa22:
Mwandigwira amayi, themometa yathu ndi yaifupi ndipo timangobaya pamodzi pomwe pali pafupi ndi njira kkkk. Ndafinya lero monga ananenera akulu aja, madzi mpaka kutsika m'chigongono. Ndazindikiranso kuti dalaivala amakwera ndi loda m'mbali mwa mulu pounjika, ndiye pansi ponse ndi potsendereka ngati msewu. Tayamba kuphwasula mzere woyamba n'kusakaniza zouma.

MkuluWaMilu:
Dalaivalayo mumuuze matayala asamaponde mulu, azikweza chidebe n'kumakhuthula pang'onopang'ono kuti ziziwayika. Pophwasula sankhani nthawi yomwe mphepo siikulowera kwa aneba, tsiku loyamba fungo lichita kunyanya. Timadzi takudato musatilole kulowa mu ngalande, tikumbireni posonkhana.

Kamoto_77:
Ine ndikuchenjezeni za mbali inayo, chifukwa mukakonza muluwo udzatentha mpaka mudzasangalala mopyola. Ukadutsa 65 kulowera ku 70 mabakiteriya omwewo amayamba kufa, ndiye tembenuzani, ngati wauma thirani madzi. Ife tinasiya chimulu chachitali cha zouma pakona miyezi ingapo osachikhudza, tsiku lina m'mawa mlonda anangoona kautsi kakutuluka pa kabowo pamwamba, titatsegula mkati monse makala ofiira, palibe anayatsa, chinadziyatsa chokha. Tinathera masiku awiri kuchiyala n'kumathira madzi. Kuyambira pamenepo mizere yathu sipyola mamita awiri, ndipo anyamata amavala mamasiki potembenuza chifukwa fumbi la chuku lija limalowa m'mapapo.

Nachinyezi:
Komanso kuzizira sikupsa eti, mulu wouma nawonso umazizira. Kutentha kukatsika unyowetseni mutembenuze, ukakanabe kutentha usiyeni ukhwime mwezi umodzi kapena iwiri, kenako fesani njere m'kachitini ka kompositi yanu ndi kena ka dothi wamba muone ngati zikumera mofanana.

Wamanyowa22:
Zikomo nonse. Patha masiku anayi, mzere woyamba uli pa 57 malo anayi mwa asanu omwe ndabaya, kumapeto kotsetsereka kokha ndiye kukadali 44, ndikuganiza madzi amaima kumeneko. Mawa tiphwasula wachiwiri.