Kogula nsapato ku Rome: Via del Corso kapena Via Cola di Rienzo?

Abale amene mumakhala ku Italy, ndigawireniko nzeru. Mu Januwale ndikuperekeza mayi anga ku Rome, ndipo mtima wawo uli pa nsapato zachikopa ndi chikwama, poti nthawi imeneyo masitolo amakhala atatsitsa mitengo.

Chikundidetsa nkhawa ndi mawondo awo, amayendera ndodo. Via del Corso ndi msewu wowongoka, kuchokera ku Piazza del Popolo mpaka ku Piazza Venezia, mtunda wa kilomita imodzi ndi theka, koma madzulo anthu amachita kuthithikana. Timisewu ta m'mbali nato ndi ta miyala yakuda ija yoyalidwa umodziumodzi, ndodo imangokodwa m'mipata. Via Condotti ndaisiya kale, kwa Gucci ndi Bulgari ife tingakangoonera pagalasi.

Nanga Via Cola di Rienzo? Ndi wotakasuka, uli pafupi ndi Vatican, ndipo tingatsikire pa siteshoni ya Lepanto kapena Ottaviano pa metro A, sitima yoyenda pansi pa nthaka. Kodi mitengo kumeneko ndi yabwinoko kwa munthu wa thumba lopyapyala? Malo oti munthu wamkulu akhale pansi kupuma alipo? Lamlungu amatsegula?

Komanso amene munabwezeredwapo msonkho wa zinthu zogula pa bwalo la ndege la Fiumicino, pepala lake amapereka m'sitolo momwemo ukaonetsa pasipoti?