Ngongole ya amayi ochokera kumsasa yakwana nthawi

Msungichuma: Mwaswera bwanji nonse a gulu lathu la banki nkhonde. Ngongole ya amayi athu ochokera kumsasa wa othawa madzi osefukira aja ikwana miyezi 3 Lachisanu lino. Anatenga ndalama za masheya 30. Chiwongoladzanja cha 10 peresenti akhala akupereka mwezi ndi mwezi, koma ngongole yeniyeniyo akuti alibe.

Wosunga kiyi: Masheya 30? M'buku mwawo muli masheya 8 okha. Lamulo lathu limati munthu asabwereke kupitirira katatu pa zomwe wasunga. Zikanakhala 24. Nanga 6 enawo anavomereza ndani?

Wapampando: Ndine, sindikana. Pa 24 pankangokwanira mbewu ndi feteleza. Zothirira analibe, zonse zinapita ndi madzi. Munthu ungamupatse mbewu ya dimba wopanda chotungira madzi?

Wosunga kiyi: Chifundo ndi chabwino amayi, koma munachitira chifundo ndalama za anthu 25. Ine mwana atadwala ndinapempha zoonjezera, munandiwerengera lamulo lomwelo.

Membala wina: Eya, zoona zimenezo. Tikatenge makeniwo ndi nkhuku, tigulitse basi.

Mlembi: Tikatenga makeni, tomatoyo auma sabata yomweyo, ndiye ndalama yathu tikaipeza kuti? Paja banki zoterezi anaziyambitsa a bungwe la CARE ku Niger mu 1991, ndipo ankafuna amayi omwe alibe chikole choti n'kupita nacho kubanki. Ife tayamba liti kulanda katundu?

Mayi wangongole: Zikomo akuluakulu, ndalama yanu sindinadye. Tomato amakhala mwezi wathunthu pa nazale. Ukawokera umadikiranso miyezi iwiri ndi kuposa kuti uyambe kuthyola. Panopa wabereka koma ndi wamuwisi. Dimbalo ndi lobwereka, mwini wake anandipatsa mochedwa atakolola zake. Bwerani mudzaone ndi maso.

Mlembi: Ine ndinapitako dzulo. Mbewu ili bwino, sakunama. Apa tinalakwa tonse: ngongole ya miyezi 3 imayenera wa geni amene amapikula lero n'kugulitsa mawa. Mlimi timamulonjerera mbewu isanapse. Tikanawauza abzale ndiwo zamasamba mbali ina, zomwe zimathyoledwa pakangotha mwezi ndi theka, bwenzi pano akubweza pang'onopang'ono.

Membala wina: Bwanji titenge m'thumba la zadzidzidzi tiwalipirire?

Msungichuma: Ayi. Limene lija ndi la matenda ndi maliro, si la bizinesi. Tikalitsegula lero, mawa aliyense abwera ndi nkhani yake. Komanso kumbukirani kuti tikugawana pakatha miyezi iwiri, ndalama zonse ziyenera kukhala zitalowa m'bokosi.

Wosunga kiyi: Ine ndi amayiwa tilibe mlandu. Vuto langa ndi masheya 6 aja. Amene anathyola lamulo ndiye awasenze.

Wapampando: Ndamva. 6 amenewo ndibweretsa ndekha Lachisanu, tidzamvana ndi iwowo akagulitsa. Pa 24 otsalawo tiwapatse masabata 6, chiwongoladzanja chizipitirira, chindapusa pasakhale.

Wosunga kiyi: Zilembedwe m'buku, asaine pamaso pa gulu. Ndipo bokosi lisadzatsegulidwenso tonse atatu osunga makiyi tisanamve kuti ikutuluka ndi zingati.

Mayi wangongole: Ndavomera. Ndikayamba kuthyola ndizibweretsa sabata iliyonse, sindidikira tsiku lomaliza.

Mlembi: Ndalemba. Lachisanu 2 koloko, wochedwa chindapusa monga mwa masiku onse.