Padi wa msambo wosoka pakhomo: nsalu yanji, nanga fungo limachokera kuti?

Funso: Achemwali, padi wochapa amasokedwa ndi nsalu yanji? Nanga bwanji ena amanunkha ngakhale atachapidwa? Ndipo tizisintha pakatha nthawi yaitali bwanji?

Yankho: Pamwamba ikani nsalu yofewa ya thonje, pakati zidutswa zitatu za thaulo, pansi nsalu ya ambulera kuti magazi asadutse. Nayiloni pamwamba ayi, imatenthetsa n'kuyambitsa zidzolo. Pamapiko, mbali zija zopindira pa panti, sokererani batani.

Yankho: Fungolo ndi chinyezi, amayi. Ambiri amayanika kuseri kwa bedi chifukwa cha manyazi, thaulo la mkatilo osauma. Yanikani padzuwa, ngakhale mutaphimba ndi kansalu kopyapyala. Musanachape, nyikani m'madzi ozizira, poti otentha amaumitsa magazi pansalu. Sopo tsukuluzani yense.

Yankho: Sinthani pakatha maola 4 mpaka 6. Mukakhala paulendo, pindani wogwiritsa ntchitoyo, muike m'kajumbo.